Mtundu wa Jivi

Lolemba, 10 Febuluwale

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi la pazenera loyang'ana kochapira. Ndikulemba kumapeto kwa buku la miyeso ya makasitomala, chifukwa mkazi wanga Constance watopa kundimvetsera, ndipo munthu wa makina sazolowera kukhala manja ali lende.

Ndine Gervazio Semba, telala wa pakhonde la sitolo ya a Suhail ku Limbe. Kwathu ndi ku Nsanje, lendi ndimachita ku Chigumula. Ndalemba izi kuti bukuli likasochera lidziwe kwawo.

Matenda ndi shuga. Chilonda chili kunsi kwa phazi lamanja, pomwe ndimapondera makina. Chinayamba mu Okutobala ndi nsingano imene ndinaiponda osamva. Ndinayenda nayo tsiku lonse, anaitulukira ndi Constance poona magazi pa sokosi. Mapazi angawa anachita dzanzi kalekale, ungawabaye sangakuyankhe.

Shuga lero 380. Dokotala Maziko, mayi wamfupi wolankhula mothamanga, wati, "Tiyesetsa kulipulumutsa phazili." Mawuwo sindinawakonde. Kwathu kuchigwa timapulumutsa chinthu chimene madzi achitenga kale.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Moyo wa muno ndi uwu: mbandakucha kubaya chala, jakisoni wa insulini pamimba, phala lopanda shuga, kenako ngolo ya zotsukira zilonda. Nesi wapala changa ndi kampeni, ine kumangoonerera ngati akusenda mbatata ya munthu wina. Asanamange ndapempha kuyeza ndi tepi yanga. Mainchesi awiri m'litali, imodzi ndi theka m'lifupi. Kuya kwake sindinafune kudziwa.

Kumanja kwanga kwagona a Wahab, dalaivala wa minibasi, naye wa shuga, chilonda chili pachidendene. Pakamwa pawo sipatsekeka. Kumanzere kuli a Wilkins, amene anawadula mwendo sabata yatha. Iwo amangoyang'ana kukhoma.

"A Telala, takulandirani," atero a Wahab. "Muno timalowa ndi nsapato ziwiri, potuluka imodzi timakagulitsa ku Limbe."

Aseka okha. A Wilkins akoka bulangeti mpaka kumutu.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Shuga 310. Chilonda chili momwemo.

Constance akugona kunyumba ya magadiyani, pasimenti, ndipo msana wayamba kumuvuta. Koma chimene chikumuwawa kwambiri ndi mabandeji. Iye amakhulupirira kuti chilonda chimapola ndi zinthu ziwiri, mphepo ndi jivi. Sindingamutsutse kwenikweni. Tonse tinakula maondo ali pepo. Ukagwa pa njinga, jivi. Ukapsa ndi phala, jivi. Zilonda za m'kamwa, jivi, mwana n'kumayenda sabata yonse ngati wadya nyowe. Mayi akangoona mtundu umenewo pathupi pa mwana, mtima unkakhala pansi.

Kabotolo kake ali nako m'chikwama. Nesi wakaona ndipo wamuletsa mwaukali, akuti chilonda cha shuga sichifuna zimenezo.

"Chilonda chonyowa sichipola, bambo a Vanessa," wanong'ona nesi atachoka. "Akuchifunditsa ngati khanda."

Wandibweretsera mpiru wopanda mafuta ndi kamtanda kamodzi ka mgaiwa. Ndadya mokwiya.

Loweruka, 15 Febuluwale

Kunabwera Vanessa, mwana wathu, pochokera kuntchito kwake ku Ginnery Corner. Akuti makina anga a Suhail awalowetsa kunsi kwa masitepe n'kuwafunditsa chiguduli. Makasitomala awiri akufunsa mayunifomu awo. Akutinso pali telala wina amene wayamba kuzungulirazungulira pakhonde paja, kumapereka moni wambiri kwa a Suhail.

Makina anga ndi opondera. Alibe mota ya magetsi, alibe chogwirira dzanja. Phazi lamanja ndiye injini yake, ndipo phazi limeneli ladyetsa nyumba yathu chiyambire Vanessa asanabadwe.

Ekisireyi yatuluka. Dokotala wati fupa silikuoneka bwinobwino, angoliyang'anira. Wanenanso kuti chilonda chikafika pafupa, nkhani imasintha. Sanatchule kusintha kwake, koma maso ake anapita pabedi la a Wilkins.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Lero kwabwera munthu watsopano, Sisitala Sungeni, nesi wa kafukufuku. Akuyesa chomangira zilonda cha mtundu wina, dzina lake lalitali, koma iye amangoti jelo. Wakhala pampando pakati pa ine ndi a Wahab n'kutifotokozera. Constance anali kophika.

"Jeloyu ali ndi mankhwala m'kati mwake," wati. "Majeremusi akayamba kuchuluka pachilonda, iye amamva, n'kutulutsa mankhwalawo yekha. Akatero amasintha mtundu. Mukaona wasintha, mutiuze."

"Amamva ndi chiyani, Sisitala, ali ndi makutu?"

Waseka. Akuti majeremusi akachuluka madzi a pachilonda amasintha, ndipo jeloyo anapangidwa kuti akakumana ndi madzi otere azimasuka n'kutaya mankhwala. Samatsegulidwa tsiku ndi tsiku, amakhala masiku angapo. Wanenanso poyera kuti ndi zoyesa chabe, sakulonjeza kanthu, ndipo ofuna kukana akane.

Ndavomera. Munthu womira amagwira ndi bango lomwe. A Wahab avomeranso. Koma si onse olandira jelo, amachita maere ndi maenivelopu kuti adzafananize. Yanga yatuluka jelo. Ya a Wahab yatuluka thonje ndi bandeji wamba.

"Ngakhale ku depoti ndi choncho," atero. "Mnzako amadzaza, iwe uli pamzere."

Sisitala walemba nambala yake ya foni pachikuto cha bukuli.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Amuika. Ndi woyera mbee ngati madzi, koma wogwirana, wonjenjemera ngati msuzi wa mapazi a ng'ombe ukagona. Akuti ndi wozizira. Ine sindinamve. Pamwamba amata kapulasitiki koonekera, ndiye chilonda chikuoneka ngati chili pawindo la sitolo. M'mbali mwake Sisitala walemba ndi zilembo zazikulu kuti OSATSEGULA, kuti manesi a muno asamakhudze.

Constance atafika wagwira pakamwa. "Chilonda chonyowa kale akuchithiranso madzi?"

Ndamufotokozera kuti mankhwala ali m'kati, adzatuluka okha ikakwana nthawi, ndipo tidzaona ndi kusintha kwa mtundu. Wangopukusa mutu.

Odwala otha kuyenda abwera kudzaona. A Wahab ndiwo amalandira alendo. "Bwerani muone bandeji yopita ku koleji. Yanga ino inalekezera sitandade 2." Kenako andiuza kuti ndisadandaule, mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ndawapempha kuti muno tisamatchule malumo.

Loweruka, 22 Febuluwale

Shuga 260. Jelo ali mbee. Palibe chachitika.

A Wilkins atuluka, ndodo ziwiri m'khwapa, mkazi wawo atasenza katundu. Podutsa pabedi langa aima, ndipo koyamba ndamva mawu awo. "Chala chimene kulibe chikamayabwa, musamakande anthu akuona. Amaseka."

Madzulo ano ndilibe mtima wolemba.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Sisitala Sungeni wachotsa jelo wakale, wajambula chilonda ndi foni, waika watsopano. Akuti m'mphepete mwayamba kufiira bwino. Ndayeza ndi tepi yanga. M'litali chachepa pang'ono, mwina mulingo wa mpendero wa kanthu ka mwana. M'lifupi chili momwemo.

Sindikufuna kusangalala. Chilondachi chinandinamizapo kawiri ndili kunyumba, kuuma pamwamba pansi chikudya. Ndikuchidziwa ngati kasitomala woipa.

Cha a Wahab amatsegula m'mawa uliwonse, iwo n'kumakuwa ngati akuitanira anthu a ku Bangwe. Mapazi awo akadali ndi moyo, amamva kuwawa. Sindinaganizepo kuti ndingasirire munthu chifukwa akumva ululu.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Uthenga wa a Suhail kudzera mwa Vanessa: malo anga pakhonde andisungira mpaka Pasaka. Ikadutsa Pasaka sangathenso kumukaniza telala mnzanga uja. Sindikuwada, khonde lopanda telala silikoka anthu.

Shuga 240. Mvula tsiku lonse. Zovala za magadiyani zikuuma pamawindo, wodi yonse ikununkha chinyezi.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Sisitala waika jelo wina chifukwa Lolemba ndi holide yokumbukira ofera dziko, ndiye sabweranso mpaka Lachiwiri. Maso ake anali ofiira ndi kutopa. Akuti akupita kwawo ku Mulanje, akumanga chiliza cha bambo ake.

"Nambala yanga muli nayo, bambo Semba."

"Ndili nayo. Pitani mukapume, mwana wanga."

Manesi a wodi nawonso achepa. Atsala awiri, odwala mpaka pansi. Ntchentche zachuluka, ndiye Constance wafunditsa phazi ndi chitenje chake.

Loweruka, 1 Malichi

Lero ndilemba zambiri, mphamvu ndili nazo.

M'mawa Constance anabwera ndi madzi osamba. Atavundukula chitenje anandigwira bondo.

"Bambo a Vanessa, tadzukani muone."

Pakati penipeni pa jelo, pamwamba pa chilonda, pali kadontho ka pepo. Si wofiirira ngati magazi, si wachikasu ngati mafinya. Pepo weniweni.

"Jivi," anatero Constance. "Ndi jivi ameneyu."

Anaseka mpaka kukhala pansi. Sindinamumve akuseka choncho chiyambire Okutobala. "Kani nzeru zonse zija, maenivelopu, mafoni, kusainitsa anthu, nkhani yake n'kubisa jivi m'madzi? Akanandifunsa ine ndikanawapatsa wanga waulere." Anatulutsa kabotolo kake kaja n'kukayandikiza. Mtundu wake ndi womwewo, ndipo ine pa mitundu sindinamizidwa, ndasankha ulusi moyo wanga wonse.

Ndinamuuza kuti Sisitala anati akasintha timuuze. Ndinatsegula chikuto cha bukuli, foni ili m'manja.

"Mwana wa eni ali pamanda a bambo ake, inu mukamuimbire kuti mankhwala akugwira ntchito? Adzamva Lachiwiri. Nkhani yabwino siwola."

Ndinaona kuti akunena zoona. Munthu umamudzutsa nyumba ikamapsa, osati chakudya chikapsa. Ndinabweza foni pansi pa pilo.

A Wahab anasuzumira n'kupukusa mutu. "A Telala mwawina. Bandeji yanu yalemba mayeso yakhoza."

Masana nesi anadutsa mothamanga ndi ngolo yake. "Bambo a jelo, phazi lili bwanji?" Ndinayankha kuti lili bwino kwambiri. Anaona chitenje, anakumbuka OSATSEGULA, anapitirira.

Shuga 290, wakwera, koma mwina ndi nthochi imene ndinaba kwa a Wahab. Ndikuvomera, lero ndasangalala.

Lamulungu, 2 Malichi

Pepo wafalikira jelo yense ndipo wada. Dzulo anali ngati duwa la jakaranda, lero wafanana ndi nsalu ya Lenti imene ndinasokera guwa la tchalitchi chathu ku Chigumula.

Phazi latupa pang'ono ndipo Constance akuti likutentha. Iye akuti mankhwala akukoka zoipa, jivi amatero. Wapita ku Misa ya pachipatala, wabwerako akuimba, wandimeta ndevu.

Ndawerenga miyeso ya mayunifomu aja kumayambiriro kwa bukuli. Ndikatuluka pakati pa mwezi uno nditha kuwamaliza Pasaka isanafike. Ndayesa kugwedeza phazi m'mwamba ngati ndikupondera makina. Likulemera, koma likuyenda.

Lolemba, 3 Malichi

Kuzizidwa. Mano akugundana. Ayeza malungo, palibe. Andipatsa panado. Shuga 410.

Nesi anafunsa za phazi, Constance anayankha kuti kumeneko ndiye kulibe vuto.

Mawa Sisitala abwera.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndilemba pang'onopang'ono, diripi ili padzanja.

Sisitala Sungeni anafika ndi mapeyala a ku Mulanje m'jumbo. Constance anamuchingamira pakhomo la wodi. "Sisitala, bwerani muone ntchito yanu." Anavundukula chitenje monyadira ngati akuonetsa mkwatibwi.

Jumbo ija inagwa pansi.

"Wasintha liti?"

"Loweruka m'mawa," anatero Constance.

"Loweruka? Bwanji simunaimbe?"

"Timati tikuuzeni lero. Si nkhani yabwino nanga?"

Sisitala anavala magolovesi n'kumatula kapulasitiki kaja. Fungo limene linatuluka, a Wahab anasiya kulankhula. Zala ziwiri zada kunsi kwake, kufiira kwakwera kudutsa akakolo. Sisitala anathamanga kukaitana dokotala.

Atabwerako anatifotokozera. Pepo uja si mankhwala. Ndi belu. Amatanthauza kuti majeremusi achuluka, bwerani msanga. Mankhwala a m'kati mwa jelo ndi ochepa, ongogwiriziza tsiku limodzi kuti anthu afike, atsegule, ayambe majakisoni amphamvu. Anatha Lamulungu. Kuyambira pamenepo chilonda chinali chokha m'kati mwa pulasitiki.

"Koma si jivi?" anafunsa Constance, mawu ali pansi.

Sisitala anakhala pamphepete pa bedi langa, chinthu chimene manesi sachita.

"Jivi," anatero. "Mayi anga ankandipaka jivi inenso. Sindinaganizeko."

Lachitatu, 5 Malichi

Dzulo madzulo ananditengera ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, kukapala. Achotsa zala ziwiri. Jelo asiya, ndabwerera ku thonje. Mankhwala a m'diripi katatu pa tsiku.

Lero ndi Lachitatu la Phulusa. Ansembe anayenda bedi ndi bedi atakoleka nsalu ya pepo m'khosi. Constance ataiona anatuluka panja. Ine ndalandira phulusa langa, ndipo mawu amene amanena popaka aja sanandiopse. Mbali ina ya ine yatsogola kale.

Lachisanu, 7 Malichi

Ekisireyi ina. Zafika pafupa.

Dokotala Maziko wati tisadziimbe mlandu. Mwina majeremusi anali kale m'fupa chigonekedwe changa, paja chithunzi choyamba sichinaoneke bwino. Mwina tikanaimba Loweruka phazi likanapulumuka, mwinanso ayi. Palibe angalumbire. Ayesa mankhwala sabata imodzi, kenako tikambirana.

Mawu oti "mwina" amenewa ndiwo akundisowetsa tulo. Akanangoti linali lotayika kale, ndikanalira n'kupuma.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Chathuchi chinaimba masiku atatu, ife n'kumavina.

Lamulungu, 9 Malichi

Constance sakudya. Amabwera, kunditsuka, kundipatsa chakudya, n'kukhala pansi kuyang'ana matailosi. Lero anati, "Ndine ndinakuletsani kuimba."

Ndikanayenera kumutonthoza. M'malo mwake ndinati, "Inde, ndiwe, ndi kabotolo kako." Ndinalankhula mokweza, wodi yonse inamva. Anangotola mbale n'kutuluka.

Ndakwiya ndi iye. Ndakwiya ndi Sisitala amene anati "akasintha mtundu" osatchula mtundu wake kapena kuti ndi ngozi. Ndakwiya ndi anthu akutali amene pa mitundu yonse ya padziko anasankha umodzi wokha umene kwathu kuno umatanthauza kupola. Koma foni inali m'manja mwanga, nambala ili pachikuto apa. Anandiuza kuti mutiuze, ine sindinafunse kuti tikuuzeni chifukwa chiyani. Safunsa anadya phula.

Madzulo wabwera ndi tiyi wopanda shuga. Ndamugwira dzanja.

Lachiwiri, 11 Malichi

A Wahab atuluka. Chidendene chawo chatseka, ndi thonje lomwe lija la sitandade 2. Avala nsapato zonse ziwiri ndipo anachita manyazi kumanga zingwe pamaso panga.

"A Telala, makina amaikidwa mota masiku ano. Ndikudziwa munthu ku Ndirande."

Ndawathokoza. Sindinawauze kuti pakhonde la a Suhail palibe soketi, kapena kuti ku Chigumula nyumba yathu ilibe magetsi. Anapita osanena nthabwala, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa ekisireyi.

Sisitala Sungeni amabwerabe ngakhale sindilinso m'kafukufuku wake. Lero wandiuza kuti analemba lipoti la zimene zachitika, ndipo asintha kafotokozedwe. Tsopano wodwala aliyense ndi gadiyani wake akumuonetsa mtunduwo n'kumuuza kuti, "Akafanana ndi jivi, si jivi. Itanani nesi nthawi yomweyo." Akuti jeloyo ena akuwathandiza ndithu, ndipo sindikukayika. Amaganiza kuti nkhaniyi inditonthoza.

Ndamuuza kuti ndi bwino. Ndiye kuti phazi langa nalonso lapita ku koleji, kukaphunzitsa.

Lachinayi, 13 Malichi

Kuda kwakwera mpaka pakati pa phazi. Thupi likutenthabe. Dokotala wati tikadikira tidzataya bondo, kapena munthu yense. Adula mawa, kunsi kwa bondo.

Ndafunsa ngati phazi lamanzere lingaphunzire kupondera makina. Wandivula sokosi, walibaya ndi kawaya malo angapo. Sindinamve paliponse. Wati lamanzereli ndilisamale ngati dzira, lisamakhuzike pa chitsulo tsiku lonse, apo ayi tidzaonananso.

Ndasaina. Ndatuma Vanessa akauze a Suhail kuti asadikire Pasaka, mnzanga uja alowe. Mayunifomu awiri aja amalize iyeyo, miyeso ndang'amba m'buku muno ndamupatsa. Makina abwere kunyumba. Vanessa anafunsa kuti akawaike pati, chipinda n'chochepa. Ndati paliponse pamene sindidzawaona podzuka.

Lachisanu, 14 Malichi

Sandipatsa phala. Ngolo ya ku fiyeta ibwera nthawi iliyonse.

Dokotala Maziko anabwera m'mawa kudzalemba podula. Anayeza kuchokera pabondo ndi tepi, n'kujambula mzere kutsogolo kwa mwendo. Kumbuyo, kukatumba, anautsitsa kwambiri. Ndinazindikira msanga. Akusiya nsalu yopindira, kuti msoko usadzakhale pansi popondera. Ndinamuuza kuti akanakhala telala wabwino. Anamwetulira pang'ono.

Cholembera cha fiyeta chinauma, ndiye ankalemba ndi kamtengo ka thonje, akuviika m'kabakuli kamene nesi anagwirizira. Constance anali chiimire kumiyendo kwa bedi. Ndinaona maso ake akutsatira kamtengoko.

"Adokotala," anatero, "inkiyo ndi chiyani?"

"Ndi jivi, mayi. Sachoka msanga pakhungu."

Constance anagwedeza mutu. Anatsegula chikwama, anatulutsa kabotolo kake kaja, kosatsegula chigulire, anakaika pa ngolo ya nesi pambali pa thonje.

"Mudzalembere ena," anatero.

Wapita kukaima pakhonde. Ine ndatsala ndi mwendo wanga, ndikuuyang'ana. Mzerewo ndi wowongoka bwino, wa pepo, ndipo wauma kale.